Mlamba Wamoyo mu Sitandade 5

Anzanga, mukamva anthu pamsika wa Khombedza akundiitana kuti "Aphunzitsi a Veriyo", musaganize kuti ndi dzina la kwathu. Ndinalishosha ndekha, ndi nzeru zanga zomwe, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka mpaka kutsamwa.

Nthawi imeneyo ndinali nditangotuluka kumene ku koleji, atanditumiza pasukulu ina kufupi ndi Lifuwu, ntchito isanakhazikike. Zonse zinkadikira lipoti la a insipekitala: akalemba zabwino ndakhazikika, akalemba zoipa ndibwerera kumudzi kukapalira chinangwa. Ndiye ahedi atandiuza kuti bwanayo abwera Lachinayi kudzaonerera phunziro langa la Chingerezi, ndinati eya, apa ndionetse kuti ku koleji sindinapitire nyemba. Phunziro lake linali la liwu loti "real", kutanthauza chinthu chenicheni, chimene chilipodi, osati chojambula kapena chongoganizira. Anatiphunzitsa kuti mwana amamva msanga akaona chinthu ndi maso ake. Munthu wanzeru akanatenga sipuni, najambula sipuni, nkhani yatha. Nanga ine? Ndinalawirira kugombe.

"A Saidi, ndikufuna mlamba wamoyo," ndinamuuza msodzi wina amene ndinkagulako ndiwo.

"Wamoyo, aphunzitsi? Mwayamba kuweta?" Anaseka, koma anandisankhira wamkulu ngati mkono wanga, wandevu zake. "Wallahi, ameneyu ndi wofatsa. Kuyambira m'bwato sanavute."

Ndinauika mundowa, ndinathira madzi, pamwamba lichero, pamwamba pa lichero mwala, nkubisa kuseri kwa tebulo. A insipekitala anafika panjinga yamoto, nsapato zili phuliphuli, masokosi oyera, anakhala pampando kumbuyo kwa kalasi. Ana, monga masiku onse, anakhala pansi mwaufulu chifukwa madesiki kunalibe.

Ndinayamba ndi tchati chimene ndinajambulapo mlamba. Ndinafunsa kuti ichi nchiyani, manja onse m'mwamba, mtima wanga mbee! Woyamba anati chinangwa. Wachiwiri anati mbewa yopanda miyendo. Ndinamva cholembera cha bwana chikuyenda papepala, koma ndinalimba mtima, ndinati dikirani muone zenizeni.

Ndinachotsa mwala, ndinachotsa lichero, ndinapisa manja mundowa. Kodi munagwirapo mlamba wamoyo, inu? Umaterera kuposa sopo! Ndinangokwanitsa kunena kuti "This is a real…" basi wofatsa uja anandibaya ndi munga pachala, anandimenya mchira pachibwano, phaa, uyo pansi! Ndowa ndinaiponda ndekha, madzi khuthu! Mlamba unalowa pakati pa ana ukudzipinda uku ndi uku, atsikana kukuwa, anyamata kuuthamangitsa, wina akulangiza mnzake kuti gwira kumutu iwe, ine ndikufuula mu Chingerezi kuti akhale pansi, pansi pamene panali thope lokhalokha. Ndipo pa malo onse a m'kalasimo unasankha pati? Pansi pa mpando wa a insipekitala! Bwana anakweza miyendo m'mwamba, fayilo atakumbatira pachifuwa, masokosi oyera aja atasanduka akhaki.

Ndinavula chitenje chimene ndinamanga pamwamba pa diresi, ndinagwada pamapazi pawo, ndinaufunditsa mlamba uja nkuunyamula ngati khanda. Apa mukuganiza kuti ndinasiya? Ayi ndithu, munthu akaterereka amafuna aonetse ngati amavina. Ndinabwerera kutsogolo, chala chikutuluka magazi, nsomba ikuphupha m'khwapa, ndinapitiriza phunziro.

Ndipo linayamba kukoma, anzanga! Ndikaloza mlamba, ana onse: "Real!" Ndikaloza tchati: "Not real!" Ndinawauza kuti chilichonse chojambulidwa si chenicheni, nchithunzi chabe, sichipuma, sichimva, sichingakuchite kanthu. Ndinaloza ng'ombe ya pakalendala: "Not real!" Ndinaloza mtengo wa pawindo: "Real!" Bwana anatsitsa miyendo, anayamba kugwedeza mutu. Ndinatenthedwa nazo, ndinati tsopano aliyense aloze chake afunse.

Asiyatu, mtsikana wanzeru kuposa onse m'kalasimo, anaimirira mwaulemu, analoza pamwamba pa bolodi.

"Madam, is that real?"

Pamwamba pa bolodi, monga m'kalasi iliyonse, muofesi iliyonse ndi m'sitolo iliyonse masiku amenewo, panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko.

Kalasi inangoti zii. Ngakhale mlamba unasiya kuphupha. Inu amene munalipo nthawi ya chipani chimodzi mukudziwa kuti anthu ankasowa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi. Ndikati "not real", pamaso pa munthu wa boma, ntchito yatha ndipo mwina ndikagona kosadziwika. Ndikati "real", phunziro lonse lija ndalipha ndekha. Ndinachita mantha enieni, ana makumi asanu ndi limodzi akundiyang'ana kudikira yankho.

Sindinayankhe ine. A insipekitala anadzambatuka pampando, anaima njo ngati msilikali, nsapato zikudontha, anafuula:

"Very real!"

Ana onse: "Veriyo!" Ine, nsomba ili m'khwapa: "Very real!" Ahedi, amene kani nthawi yonseyi ankasuzumira pawindo, nawonso anakuwa ali panja pomwepo: "Very real!" Ndinayambitsa nyimbo yotamanda, tinaimba mpaka belu linalira, ndipo amene ankaomba m'manja kwambiri anali bwana.

Titalowa muofesi ya ahedi, a insipekitala anatseka chitseko.

"Mayi, funso la mwana uja inu munalimva?"

"Sindinalimve, bwana."

"Inenso sindinalimve." Anasaina lipoti. Analemba kuti mphunzitsiyu ndi wakhama, akhazikike, koma zipangizo zake zophunzitsira zichepetse moyo. Atafika pakhomo anatembenuka. "Nanga nsomba ija muchita nayo chiyani?"

Anaimangirira kumbuyo kwa njinga yamoto, m'chitenje changa chomwecho, ndipo chitenjecho sichinabwerenso.

Sabata yotsatira ndinajambula mbuzi papepala kuti ndione ngati anamva, ndinafunsa ngati ndi yeniyeni. Asiyatu anakwezanso dzanja, mtima wanga phaa!

"Aphunzitsi, tiyankha bwanji musanatiuze pamene muipachike?"

Ndaphunzitsa liwu limeneli zaka zambiri kuchokera tsiku limenelo, koma ndinalumbira, ndipo sindinaphwanyepo: ndimatenga mwala, ndimajambula mwala, ndipo mafunso ndimafunsa ine ndekha.