Eskil Rudna, Woyeza Dothi ndi Matako

Aliyense kuno ku Olvik akudziwa kuti malemu a Eskil Rudna ankayeza nyengo ndi matako. Chipale chofewa chikangosungunuka, mkuluyo ankapita kumunda kwake, n'kutsitsa buluku, n'kukhala padothi, kapu ya khofi ili m'manja. Akamaliza khofiyo ali chikhalire, tonse tinkabzala mbatatesi. Akadzambatuka khofi alipo, mbewu zinkabwerera m'nyumba.

Musaseke msanga. Dziko lathu la Varsund limatipatsa milungu khumi yokha yolima, kwinako ndi mdima ndi chisanu. Ukafulumira, chisanu chimawaula mbewu. Ukachedwa, chimakupeza usanakumbe.

Chosokoneza mutu chinali kuwafunsa. Kusukulu tinaphunzira nyengo zinayi, koma iwo anali nazo khumi ndi imodzi, chaka china khumi ndi zitatu. Panali Kuzizira, Kuzizira Kwenikweni, Bodza Loyamba, Matope, Bodza Lachiwiri, ndi ina ankaitcha Chisanu Chaiwala Chipewa, chifukwa chinkabwerera. Tsiku lina ndinawafunsa kuti tili m'nyengo yanji.

"Bodza Lachiwiri."

"Si munati latha sabata yatha?"

"Lijali linali Loyamba. Linangobwera kawiri."

"Ndiye ndibzale?"

"Iwe Jorund, ukufunsa pakamwa? Pakamwa sipadziwa kanthu."

Chaka chimenecho ndinatopa nawo. Dzuwa linali litasiya kulowa, monga limachitira kuno nyengo yolima ikafika, atsekwe atabwera, wailesi ikulonjeza kutentha. A Eskil anakhala, anamwa pang'ono, n'kudzuka akumanga lamba. Ine ndinati zaukalamba izi, n'kukwirira mbewu zanga zonse. Zitangomera, chisanu chinabweradi, munda wonse bii. Ndinachita manyazi, komanso mantha, chifukwa m'nyumba munali ana atatu. Mkuluyo sanandiseke. Anangofika ndi mbewu zodzaza wilibala, akuti zikumupanikiza malo.

Anamwalira m'miyezi ya mdima. Chipale chitasungunuka chaka chino, amuna asanu ndi mmodzi tinapita kumunda kwawo, aliyense ndi kapu yake, n'kukhala pamzere, akazi athu atatembenukira kumsewu koma mapewa akugwedezeka. Wina anati dothi lafunda, wina anati laundana. Halvard wogulitsa nsomba anati iye sakumva chilichonse, n'kufunsa ngati ndicho chizindikirocho. Tinayambanso kukangana za kukula kwa kapu.

Tinakafunsa mayi Gunvor, mkazi wa malemuyo, kuti amuna awo ankamva chiyani akakhala pamenepo.

"Zaka makumi asanu ankabwera akuti kukuzizira koopsa," iwo anatero. "Amalize khofi, asamalize, mawu anali omwewo."

"Nanga ankasiyanitsa bwanji, mayi?"

"Mwana wanga, ine ndinkangochapa bulukulo."

Anaseka, kenako anapukuta m'maso, ife n'kutuluka.

Tsopano mbewu zayamba kuphukira m'matumba. M'mawa uliwonse anthu amatuluka ndi makasu, aliyense kusuzumira kumunda kwa mnzake kuti aone woyamba, kenako n'kubwerera. Tinkati munthuyu amatizunguza mitu, koma ndawasowa a Eskil, ndipo ndikuopa. Dzulo ndinakakhalanso padothi paja ndekha. Khofi anatha, miyendo inachita dzanzi, ndipo sindinadzuke, chifukwa sindinadziwe choti ndikauze ana anga.