Ndinapempherera mbalame mpaka inathawa

Anzanga a kukwaya, mwakhala mukufunsa chifukwa chake mkamwini wanga amayang'ana kumbali ndikamagwada m'tchalitchi. Bola ndikuuzeni ndekha, ena asanawonjezere zawo.

Mkamwiniyu, bambo ake Chisomo, anapeza ntchito yoperekeza alendo m'nkhalango yotetezedwa kuno ku Chongwe, kuwaonetsa nyama ndi mbalame. Anali asanamulembe kwenikweni, ndipo Loweruka lina abwana ake, mayi wamfupi wosakonda kuseka, anati ayenda nawo kuti aone ngati ntchito akuidziwa. Mwana wanga anati, "Amama, pitani mukamulimbitse mtima." Ndikanakana bwanji?

Ndinavala bulauzi yoyera mbee ndi chitenje chachikasu cha Isitala, kufika kumeneko anthu onse avala zofanana ndi fumbi. Mkamwini anawomba m'manja mwaulemu, nati, "Amayi, mwaoneka bwino maningi. Muziyenda kumbuyo kwenikweni."

Tinayenda bwino, mphoyo tinaziona, anyani tinawaona. Kenaka mkamwini analoza m'udzu, nanong'ona, "Nkhwali izo." Ine pakamwa panangotseguka pokha, "Ii, kunona kwake! Zimenezi kungoziwamba basi." Mayo ine! Ba Mwale, mkulu wina wopuma pantchito wa ku Lusaka amene ananyamula kamera yaitali ngati musi, anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Abwana aja anangokweza nsidze.

Ba Mwalewo ndiwo anali mlendo wofunika. Mawu awo kwa mkamwini ndikuwakumbukira bwino: "Mwana wanga, uno ni ulendo wachitatu. Nifuna chabe kambalame koyera kofiira m'maso kaja, kamene kankhala mu mikuyu. Ukanionetsa, ningafe bwino."

Dzuwa litakwera tinafika pa mkuyu waukulu. Mkamwini anaima, nakweza dzanja, navula chipewa, nanena motsitsa, "Tonse tigwade. Chete."

Tsopano mundiweruze mwachilungamo. Ku Kasisi kwathu, mwamuna akavula chipewa, anthu nagwada, pakhala chete, amakhala akudikira ndani? Si ine kodi? Ndinaona onse akuyang'ana kumwamba, mtima wanga unasungunuka, ndinati mwana wanga anakwatiwa ndi munthu woopa Mulungu. Ndinatsinzina, ndinayamba, "M'dzina la Atate!" ndi mawu anga aja ofika kubenchi yomaliza popanda maikolofoni.

Ndinamva wina akukoka chitenje changa, "Amayi, amayi." Ndinati mkamwini akufuna ndimutchule, ndiye ndinamutchula, ntchito yake, abwana ake kuti Ambuye awafewetse mtima, iwo ali pomwepo! Wina anati "shii", ine ndinayesa wakhudzidwa, ndinakweza mawu: "Ndipo Ambuye, kambalame kamene mtumiki wanu ba Mwale akufuna, katumizeni lero lomwe!"

Pamwamba panga panangomveka phaphapha.

Nditatsegula maso, nthambi inali kugwedera yokha. Ba Mwale, chala chili pakamera, misozi ili m'maso, anati "Amen" wowawa kwambiri amene ndinamvapo m'moyo wanga. Mkamwini anali atagwira mutu. Kambalameko kanali katatera kale pamwamba pathu, kugwada kuja kunali kubisala kuti kasatione. Ambuye anali atayankha ndisanapemphe, ine ndiye ndinathamangitsa yankho!

Ndinafuna nthaka indimeze. Ndinati, "Bwana, musamuchotse ntchito mwanayu, wolakwa ndine."

Mayi uja mapewa anayamba kunjenjemera, kenaka anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi. Atapukuta misozi anati, "Ba Mwale, mwakaona kapena simunakaone?"

"Nakaona," anatero ba Mwale. "Kumbuyo kwake."

"Ndiye mnyamata nchito aidziwa, ayambe pa Mande. Koma imwe amayi, mukafuna kumupempherera, muzichita muli kunyumba, mawindo otseka."

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akati tigwade, ngakhale akhale abambo mfumu, ndimayamba ndafunsa: tikupemphera kapena tikubisala?