Moni wa Apongozi pa Mthuthuthu

Masiku ano ndikafika pamsika wa pa boma ku Chadiza, anthu ena akangondiona amayamba kuomba m'manja mwaulemu uku akuseka. Sikuti anandilonga ufumu ayi. Nkhani yake ndi bwino muimve kwa ine mwini wake, chifukwa ena akuiwonjezera mchere.

Amalume anga, amene anali katekisiti ku Zemba, pomwalira anandisiyira mthuthuthu wakalekale umene anapatsidwa ndi ansembe ine ndisanamere mano. Ndinaunyamula pangolo n'kuutsamiritsa kuseri kwa nkhokwe, ndipo kwa zaka zambiri nkhuku ndizo zinkaukwera. Ine ndimakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, choncho pamudzi ponsepo chinthu chimene ndingaloze n'kunena kuti changa ndi chitsulo chimenechi basi. (Ngakhale khasu limene ndimalimira ndi lawo.)

Tsiku lina amake Tiya, mkazi wangayo, anaima pakhomo n'kunena kuti, "Atate ake Tiya, ogula zitsulo a ku Chipata abwera Lolemba. Chidzimbiri chanuchi chikapanda kuyenda pofika Lamulungu, chikwera lole."

Kuyambira pamenepo mtima sunakhalenso m'malo. Kumunda ndinkangogwira mizere iwiri n'kuthamangira kunyumba, ndikafika kunyumba ndaiwala chimene ndathamangira. Lachiwiri ndinatokosa paipi ya utsi ndi kamtengo, osadziwa kuti mavu anamangamo mudzi. Lachitatu, diso limodzi litatupa, ndinathira timiyala ndi palafini m'thanki n'kumaikhutchumula ngati chisekese mpaka dzimbiri litatuluka. Pulagi ndinaikwecha ndi m'mbali mwa bokosi la machesi.

Lachinayi ndinapeza kuti waya wa moto, uja wochokera ku chogwirira kupita ku injini, unaduka kalekale. Ndinapita kwa a Zuze, anzanga okonza njinga zopalasa, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Anandipatsa waya wa buleki ya njinga, koma anati, "Achimwene, ine ndimadziwa njinga zodya nsima. Zomwa petulozi sindiyankhako mlandu."

Loweruka ndinaponda kiki kuyambira m'mawa mpaka mwendo unachita dzanzi. Kenako chinthu chija chinatsokomola, chinatsokomolanso, n'kulira. Ndinatsala pang'ono kugwetsa misozi, chifukwa ndinamva ngati amalume alowa pabwalo. Koma vuto linali lakuti ndikangosiya chogwirira chakumanja, chija timapotokola powonjezera moto, injini inkazima. Munthu wodekha akanafunsa. Ine ndinang'amba legeni ku chubu chakale n'kumanga chogwiriracho kuti chizidzikokera chokha ku moto. Ntchito ya dzanja langa tsopano inali kuchibweza.

A Zuze anayang'ana legeniyo nthawi yaitali. "Dzanja limenelo musalichotsepo," anatero, "ngakhale ntchentche ikutereni pamphuno." Za mabuleki tinagwirizana kuti tidzaona sabata yamawa.

Lamulungu ndinavala buluku langa la kutchalitchi n'kuuyatsa. Amake Tiya anangoti kukamwa yasa ndikutuluka pabwalo. Njira ya kutchalitchi kwathu ndi yopapatiza, uku thonje uku thonje, ndipo ine ndinkamwetulira ndekha mphepo ikundiomba. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nditangokhota pa mtengo wa mango, ndinaona apongozi anga aakazi ataima m'njira, atacheuka kuti aone chikusokosa n'chiyani.

Tsono inu mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini akakumana ndi apongozi aakazi amapatuka, n'kunjuta, n'kuomba m'manja maso ali pansi. Zaka khumi ndi ziwiri sindinaphonyepo. Kuima sindikanatha, poti mabuleki anali a sabata yamawa. Mutu unati gwira chogwirira. Koma manja angawa analeredwa bwino kuposa mwini wake. Ndinangoona adzuka okha.

Kuomba koyamba ndinakumva. Kwachiwiri sindikukumbuka. Legeni inagwira ntchito imene ndinaituma, mthuthuthu unakuwa, tayala lakutsogolo linanyamuka, ndipo ndinawadutsa apongozi ndikunena kuti "Mwauka bwa..." n'kulowa m'munda wa thonje. (Munda wake wa iwo omwewo.) Chimene chinandiimitsa ndi chulu.

Nditatsegula maso, mwendo unali pansi pa chitsulo, buluku litang'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo. Apongozi, amene sanandigwirepo ngakhale chala chiyambire, anadzutsa mthuthuthu okha, n'kundikoka chogwira m'khwapa. Kenako anayang'ana kumbali, anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundipatsira chakumbuyo. Ndinabwerera kunyumba nditamanga chitenje cha apongozi, ndikukankha mthuthuthu, ndikudutsana ndi mpingo wonse wopita ku Misa. Manyazi ake ndinalakalaka chulu chija chikanandimeza.

Kunyumba amake Tiya sanachedwe. "Mawa chikwera lole, ndisamvenso china." Ine ndinangozolika.

Apongozi anali atakhala pamphasa atandifulatira, monga mwa nthawi zonse, ndipo analankhula kudzera mwa mwana wawo. "Chitsulocho sichipita kulikonse. Akamwini ena amandidutsa akuyenda ndi miyendo yawo ngati sakundiona. Awa afuna kufa chifukwa cha moni. Koma uwauze atate ake Tiya kuti akandipeza panjira ali pamenepo, azingondidutsa ngati chitsa. Moniwo ndidzaupeza kunyumba."

Mthuthuthu unapulumuka choncho, ndipo ukuyenda. Legeni sindinachotse, chifukwa kunena zoona imathandiza. Sabata yatha ndinakumana nawonso panjira yomwe ija, ndipo ndinayamba kuwachonderera manja anga kuti akhale pamalo pake. Ndinangovutika chabe. Atangomva kulira kwa injini, apongozi anali atapatuka kale, ali phee kuseri kwa mtengo wa mango mpaka mkamwini atadutsa.