Deki yoti ndimvere mawu a amayi

Lolemba

Kaseti yafika! Abwera nayo a Gondwe, anamwino anzake a Nabanda mkazi wanga, amene anali kumudzi kutchuthi. Ndi ya ukwati wa Yohane, mwana wa mlongo wanga Esnati, ku Ntcheu. Pamwamba pake amangirira kalata ya Esnati: “Achimwene, kumapeto kwa kasetiyi amayi ayankhulamo mawu anu. Akana kuti ndilembe. Akuti muwamve ndi makutu anu. Lamulungu likubwerali Yohane apita ndi foni kumudzi, mudzaimbe muwayankhe.”

Mawu anji? Munda? Matenda? Zaka zinayi osawaona. Mtima uli m'mwamba.

Vuto ndi lakuti m'nyumba muno muli TV koma mulibe deki yoonetsera kaseti ya vidiyo. Nabanda akuti, “Ingogulani, bambo, si ndege.” Iye amatero. Ine ndinakhala telala ku Limbe zaka makumi awiri, sindidula nsalu ndisanayeze.

Zofunika pa deki:
1. Isapose mapaundi makumi atatu.
2. Ilowe pashelefu ya pansi pa TV. Ndayeza katatu, mainchesi khumi ndi asanu.
3. Isadye kaseti. Ilipo imodzi yokhayi padziko lonse!
4. Ikhale ndi rimoti.
5. Yakuda, ifanane ndi TV.

Kasetiyo ndaikulunga m'chitenje, ili m'sutikesi pamwamba pa wadirobu, kutali ndi hita.

Lachiwiri

Ndaweruka 2 koloko kunyumba ya okalamba kumene ndimasita zovala. Thiramu, kasitima ka mumsewu, mpaka m'tauni. Mvula. Kope langa la zofunika pa deki lili m'pepala la buledi kuti lisanyowe.

Sitolo yaikulu yoyamba. Ndikufunsa deki, wogulitsa akundiyang'ana ngati ndafunsa ngolo ya abulu. Akuti anasiya kugulitsa, anthu onse ali pa DVD. Ndikumuuza kuti amayi anga sali pa DVD, ali pa kaseti. Akuti pepani.

Sitolo yachiwiri ili nayo imodzi, yophatikiza kaseti ndi DVD. Mtengo wake ndawerenga kawiri, kenako ndapukuta magalasi. Sunasinthe.

Sitolo yachitatu, zomwezo.

Sheffield yense wopanda deki! Nanga makaseti awo onse anawakwirira kuti?

Lachitatu

Mnzanga wakuntchito wandilozera kashopu ka katundu wakale. Kaunjika wakuno ali ndi kapeti ndi belu pachitseko. Madeki alipo awiri.

Yoyamba ilibe chitseko chake cholowetsera kaseti. Mphemvu zingachite lendi m'menemo. Ayi.

Yachiwiri ndi yooneka bwino, rimoti ilipo, mapaundi khumi ndi asanu okha. Gogo wachizungu wogulitsayo akuisisita ngati mphaka, akuti ndiitenge, imachita chilichonse. Kutsogolo kwake kuli zilembo zambirimbiri, ndazikopera zonse m'kope ngakhale sindikuzimva. Ndatulutsa tepi yanga yoyezera. Mainchesi khumi ndi asanu ndi awiri! Yapyola ndi awiri. Komanso ndi yotuwa ngati sefuliya.

Ndaisiya. Gogo uja akuti sanaonepo munthu akuyeza deki ngati mwendo wa thalauza.

Nabanda akuti, “Nanga kungoiika pansi, apolisi angabwere?” Pansi! Pakapeti, pamene pamadutsa fumbi ndi mapazi a alendo!

Kwatsala masiku anayi.

Lachinayi

A Tembo, a ku Zambia a khomo loyandikana nafe, amva nkhaniyi. Abwera atanyamula deki yawo pamimba. “Iyi ni yabwino maningi, mudala. Siinanipaseko problem.”

Ndathokoza. Koma kaseti ya amayi siingayambe kulowa m'kamwa mwa chinthu chachilendo. Ndayamba ndayesa ndi ina, ya masewera ochepetsa thupi imene Nabanda anapatsidwa kuntchito chaka chatha.

Yalowa. Mzungu wadumpha kawiri. Kenako khwekhwerere! Zii.

Ndatsegula. Riboni yense ali panja, wopiringizika ngati matumbo a nkhuku. Akanakhala amayi!

A Tembo akuti, “Mwaingenesa na mantha, mudala. Deki imamvera.”

Nabanda akuyang'ana kaseti yake yakufayo. Akuti, “Yachita bwino.”

Wandiuzanso kuti waitana anthu a kutchalitchi Loweruka kudzaonera ukwati. Ndafunsa kuti angati. Akuti, “Ochepa.” Ochepa a Nabanda ndimawadziwa.

Lachisanu

Ndadzuka nditagonja. Shelefu ndi thabwa chabe, ndikhoza kuicheka. Ndathamangira kwa gogo wa Lachitatu uja.

Yagulidwa dzulo! Gogoyo wandilozera shopu ina.

Basi ziwiri, kenako wapansi kukwera chitunda. Mzinda uno anaumanga anthu odana ndi mawondo. Pamwamba penipeni pali kashopu ka mawayilesi akale, ndipo pakona deki ili phee, ikundidikira. Yakuda. Mainchesi khumi ndi anayi ndi theka. Rimoti yake ndi ya chingwe, ngati mbuzi yomangirira, koma ndi rimoti ndithu. Mapaundi khumi ndi awiri. Ndi yakale, mabatani asanu okha, yopanda zilembo zosokoneza mutu.

Ndaiyesa pomwepo ndi makaseti atatu a mwini shopu: ina ya kalimidwe ka maluwa, ina ya sitima zapamtunda, ina ya agalu. Onse atuluka amoyo. Mwini shopu akuti ikatuluka pakhomo siibwerera. Ibwerere chiyani?

Kunyumba yalowa pashelefu ngati suti yosoka ine ndemwe. Zisanu zonse ndachonga!

Ndimafuna ndionere pompano, ndimve mawu aja. Nabanda akuti, “Ukwati saonera munthu mmodzi ngati wakuba. Dikirani mawa.” Chabwino. Deki ndaifunditsa kansalu.

Loweruka

Ochepa aja ndi khumi ndi anayi. Ena pamipando, ena pamasitepe. Mandasi, nkhuku, mpunga. Ndasamba m'manja kawiri. Bambo Gondwe, amuna awo a anamwino aja, apemphera. Ndalowetsa kaseti ndi manja onse awiri.

Siinadye. Chithunzi chabwera, cha mizeremizere koma chooneka.

Koma anthuwo! Onse akuthamanga! Mkwatibwi walowa m'tchalitchi ngati akuthawa njuchi. Abusa akulalikira ndi mawu a mpheta. Kwaya yaimba nyimbo yonse ndisanameze ndasi. Pa perekaniperekani manja sakuoneka n'komwe. Alendo anga ali gonegone ndi phwete, mayi wina wachita kutuluka panja kukapuma.

Ndipo amayi! Amayi anga amene amatenga theka la tsiku kupita kuchigayo, awo akudutsa pabwalo, ndodo ili m'mwamba, akuvina kuposa atsikana onse. Ndaseka nawo mpaka misozi. Nabanda wandigwira dzanja.

Bambo Gondwe afotokoza. Akuti wojambulayo, pofuna kusunga makaseti, anapanikiza ukwati wa tsiku lonse m'kaseti imodzi. Yotere imafuna deki yodziwa kuyenda pang'onopang'ono, yokhala ndi zilembo ziwiri, LP. Yangayi ndi yakale, imadziwa liwiro limodzi basi. Ndatsegula kope mwakachetechete. Tsamba la Lachitatu. Zilipo, zolemba dzanja langa lomwe. Ndatseka.

Kumapeto, amayi akhala pampando, duku latsopano, ayang'ana ine ndendende. Akweza chala. Tswi-tswi-tswi-tswi! Aloza kumwamba, aloza pansi, aomba m'manja. Zatha.

Tabweza kasanu ndi kawiri. Aliyense ndi zake:
A Gondwe aakazi: “Akuti malata akudontha.”
A Tembo: “Awe, bakamba ati mwaina, muchepeseko kudya.”
Mayi wa pamasitepe: “Ine ndamvapo mawu akuti ng'ombe.”
Nabanda: “Chala chimenecho ndimachidziwa. Si cha moni.”

Ndafunsa ngati alipo ali ndi deki ya zilembo zija. Onse ali pa DVD, kupatula a Tembo ndi deki yawo yodya makaseti.

Lamulungu

Tabwera kutchalitchi. Khadi la foni la mapaundi asanu, manambala ndadina mosamala. Yohane wayankha, akuti mudzi wonse uli pakhonde, ndipo wakweza mawu a foni kuti onse amve mwana wawo wa ku Mangalande.

Amayi: “Wandimva?”

Ine: “Ndakuonani, mayi. Mukuvina bwino zedi.”

“Sindinafunse zovina. Yankho lako?”

Ndapempha kuti abwerezeko pang'ono chabe, foni ikumveka patali.

“Ndibwereze? Ndinavala duku latsopano, ndinakhala padzuwa, mwana wa eni ake atandilozetsa chimakina kumaso. Zonse ndinanena momwemo. Kapena kwa azunguko kulibe choonera?”

Kumbuyo kwawo anthu akuseka. Ndinene bwanji pamaso pa mudzi wonse? Mawu a mzungu wa m'khadi akuti yatsala mphindi imodzi.

Ndangomva pakamwa panga pakuti, “Chilipo, mayi. Ndamva zonse. Ndavomera.”

Nthungululu! Mudzi wonse! Wina akuimba chitini. Amayi akuti, “Ndinadziwa ine, mwana wanga sangakane. Esnati, uyambe kuuza anthu!” Foni thi.

Ndakhala pampando, foni ili m'manja. Ine amene sindigula ngakhale batani ndisanaliyang'ane kuseri.

Nabanda wabweretsa tiyi. Akuti, “Ngati ndi mkazi wachiwiri mundiuze msanga, ndimugawireko mashifiti.”

Tiyi ndamwa. Kumudzi akuvina. Chimene ndavomera, adzandiuza akadzayamba kuchifuna.