Mphako za M'mutu mwa Apongozi

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha ndinajambula apongozi anga mobisa, ndipo anandigwira. Ena akumanena kuti ndinawayezanso nkhope ndi rula. Limenelo ndi bodza, rulayo sinatuluke m'thumba.

Zinayamba ndi mwana wathu Taonga. Mano ake akutsogolo sankakumana, ndipo ankagona kukamwa kuli yasa. Ndinapita naye kwa dokotala woika mawaya a mano cha ku Silverest, ine nditavala masiki yophimba mphuno mpaka chibwano chifukwa cha chimfine. Dokotalayo, mayi wofatsa, anaunika mutu wa mwanayo n'kundionetsa chithunzi cha mafupa. Anati nkhope zina zimakula motsika m'malo mokula mopita kutsogolo, ndipo ya Taonga ndi yotero. Anandilozeranso mphako ziwiri za mpweya zimene munthu aliyense ali nazo kuseri kwa masaya, n'kunena kuti akatswiri amayerekeza kukula kwake ndi kutalika kwa nkhope, ngakhale kuti sanagwirizane chimodzi.

"Kambiri vimayenda mu banja," anatero. "Kuli wina wa nkhope itali kunyumba?"

"Kwathu kulibe," ndinayankha mosazengereza.

Ine ndine mphunzitsi ku Chalimbana, ndipo sindikonda kunena chinthu popanda umboni. Ngati kwathu kulibe, ndiye kuti n'kuchikazi. Mkazi wanga nkhope yake ndi yozungulira ngati mbale, choncho otsala anali amayi ake ku Bundabunda. Koma nkhope ya apongozi sindinkaidziwa. Mkamwini waulemu angayang'ane bwanji apongozi kumaso? Zaka zonsezi ndinkadziwa mapazi awo, m'mphepete mwa chitenje chawo, ndi mawu awo ochokera kuseri kwa chitseko. Zala zawo zakumapazi ndikanazizindikira ngakhale pamsika, koma chibwano ayi.

Loweruka lina tinapita kukawaona. Apongozi anakhala pamphasa akutongola chimanga, ine pampando chapatali, nditayang'ana kumbali monga mwa mwambo. Ndinayamba kuba maso, koma ndikati ndidzutse mutu, iwonso adzutsa, ine n'kuyamba kusirira mtengo wa mango. Ndinayesa kuwaonera m'galasi la zenera, khosi nditalipinda, mpaka mlamu wanga Mabvuto anandifunsa ngati ndinagona molakwika.

Ndiye ndinakumbukira foni. Chithunzi cha dokotala chija chinali cham'mbali, choncho ndinanyamuka ngati ndikukaona nkhokwe, n'kuzungulira pang'onopang'ono, foni ili pamimba, nkhope ndaumitsa ngati ndikuwerenga uthenga wamaliro. Ndinadina. Khetche! Kuwala ng'anii, masana dzuwa likuswa mtengo! Nkhuku sizinabalalike monga amanenera Mabvuto, koma aliyense pabwalo anamva.

"Atate ake Taonga afuna chani?" apongozi anafunsa mkazi wanga, pakuti ine sandilankhula mwachindunji.

Munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Ine ndinayamba kuphunzitsa.

"Nenze kufuna chabe kuziba ngati mphako za mu mutu mwa amai ni zikulu."

Mabvuto anatsamwa ndi munkoyo umene ankamwa. "Amulamu, mwati amai ali na mphako mu mutu? Monga muja mugona kadzidzi?"

"Iyayi, aliyense ali nazo. Mulibe chilichonse, muli chabe mphepo."

"Mphepo! Amai, mwamvela? Ati mu mutu mwanu muli mphepo!"

Mkazi wanga anadziphimba kumaso ndi chitenje. Apongozi anaika chitsononkho pansi, anatembenuka, n'kundiyang'ana kuyambira pachipumi kutsika nazo, ndipo ulendowo unawatengera nthawi. Nanenso ndinawaona koyamba. Nkhope yozungulira bwinobwino, ngati ya mwana wawo.

"Uwauze amuna ako kuti lelo nawaona," anatero modekha. "Paja anabwela kukufunsila, anthu ananiuza kuti pogwada chibwano ndiye chinayamba kufika pansi, maondo pambuyo. Nenze kuyesa ni boza."

Kodi mukudziwa kuti munthu angathe kumeta ndevu m'mawa uliwonse osadziona? Ine ndinkangodabwa kuti lezala imatha msanga.

Tsiku lokaika mawaya chimfine chinali chitatha, ndiye ndinapita wopanda masiki. Dokotala anandiyang'ana, anayang'ana Taonga, anandiyang'ananso.

"Atate, paja munakamba kuti kwanu kulibe?"

Chithunzi cha apongozi sindinachitulutse.

Ku Bundabunda ndinaperekako tambala wopepesera, ndipo analandiridwa. Taonga ali ndi mawaya ake, mano ayamba kuyandikirana. Ndikangoyetsemula pabwalo paja, apongozi amafunsa mkazi wanga ngati mphepo yachuluka m'mphako. Kafukufuku wa pa anthu akuchikazi ndinasiyiratu. Foni imatsala m'chikwama, ndipo maso anga anabwerera kumapazi.