Nambala Imene Ndinafuta Ndekha

Mpaka lero ndikamapita kumsika wa Mtendere ndimazungulira njira yaitali, kuopa kudutsa pamzikiti. Si nkhani ya chipembedzo ayi, ndi manyazi.

Fakitale yathu itagulitsidwa, ife n'kutayidwa ngati makoko a nzimbe, ndinaika tebulo pakhonde n'kuyamba kukonza mawailesi. Tsiku lina kunabwera a Jafali, telala wachikulire amene ankaitana anthu kumapemphero. Ankafuna bokosi lochepetsa mphamvu ya magetsi, kuti chimkuzamawu cha pamzikiti chisiye kudalira batire la galimoto.

Zipangizo zakale, zopezeka m'wailesi iliyonse yakufa, zinalipo. Koma malire anali atangotseguka, katundu wachilendo ali mbwee m'tauni, ndipo ine ndinkafuna kuoneka wamakono. Kumashopu a ku Kamwala wamalonda wina anandionetsa kachipangizo kakuda, kochepa ngati chikhadabo, kogwira kokha ntchito ya zipangizo zingapo.

"Kazayamba kupezeka ntawi zonse aka?" ndinamufunsa.

"Ba mudala, makatoni yali mu njila. Vinthu vinachinja manje."

Ndinagula kamodzi (inde, kamodzi kokha, bambo wa ana anayi ine). Bokosi lonse ndinalipanga motsatira kanthu kameneka. Kenako ndinachita zimene amisiri timachita poopa kuberedwa nzeru: ndinatenga sandipepa n'kufuta nambala ya pamsana pake, kuti bokosi likadzawonongeka lidzabwerere kwa ine basi. Nambalayo ndinaisunga m'mutu, mutu womwewu.

Chimkuzamawu chinagwira ntchito. Mawu a a Jafali ankamveka mpaka ku Kalikiliki, mabanja a pamzikiti anayamba kundibweretsera mawailesi awo, ana anga n'kuyambanso kumwa tiyi wamkaka.

Mvula itayamba, magetsi anathima n'kubwerera mwaukali. Kanthu kaja kanapsa, mwezi wosala kudya utangoyamba. Ndinathamangira ku Kamwala, n'kupeza mnzanga wamalonda uja akugulitsa nsapato zovalidwa kale za salaula.

"Tuja? Inali katoni imozi chabe," anatero osachita n'komwe manyazi. "Nipatseni nambala, nifunseko banzanga."

Ndinakatembenuza m'manja. Pamsana pali see. M'mutu namonso muli see.

Nditabwerera ndinauza a Jafali kuti moto wafuta nambala. Anavala magalasi awo osokera, n'kukayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ba injiniya," anatero mofatsa, "moto wa masiku ano uyenda na sandipepa?"

Lachisanu mkulu uja anakwera pamgolo n'kuitana anthu ndi pakhosi pake, akutsokomola, mawu osafika ngakhale pamsewu. Ndinamva chisoni, koma mkwiyo unaposa: fakitale anagulitsa, msika anaudzaza ndi zinthu zobwera kamodzi osabweranso, koma wonyozeka n'kukhala ine. Mawailesi aja eni ake anadzawatenga imodziimodzi, ena asanakonzedwe n'komwe. Tiyi wamkaka anathera pomwepo.

Masiku ano sindigula chipangizo chimene sindinachione m'mashopu angapo, ndipo ndimakonda zakale zonyozeka zija. Sandipepa ndikadali nayo (mmisiri sasintha msanga). Bokosi lija linabwereradi kwa ine, monga momwe ndinkafunira. Lili kunsi kwa bedi.