Phazi la Madamu Kachingwe

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Kwathu ku Midzemba aliyense amaidziwa, ndipo aliyense amaithira mchere wake. Ndiye bola ndiinene ndekha mwiniwakene, manyazi andigwire kamodzi, tithane nazo.

Inali mimba yanga yachiwiri, masiku aja anthu othawa nkhondo ku Mozambiki atadzaza ku Luwani. Kusikelo anesi anandipapasa pamimba n'kupukusa mutu. Akuti mwana wagona mopingasa, sakufuna kutembenuka, ndiye ndipite ndikadikirire kuchipatala chachikulu, akandichite opaleshoni.

Koma musanamve zambiri, mudziwe kaye za Mayi Kachingwe. Amenewa anali akazi a alangizi a zaulimi, anachokera ku Zomba, ndipo ife tinkangowatchula kuti Madamu. Khungu see, ngati dzuwa silikuwadziwa. Ambulera kumutu ngakhale kulibe mvula, nsapato ndi masokosi oyera ngakhale popita kudzala. Ine sindinkadana nawo ayi. Ndinkangoona. Ndinkaona kuti amuna anga, abambo a Esinati, akamapita ndi manachesi kumsika amanyamuka ndi manthongo m'maso, koma akamapita nawo kwa alangizi amayamba asamba, n'kupesa tsitsi mpaka kulemba mzere pambali. Ndinkaonanso kuti manachesi opita kumeneko amasankhidwa limodzilimodzi, ife kunyumba tikudya ojomphedwa ndi mbalame.

"Kodi mzere wa m'mutuwo ndi wa alangizi?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Iwe Nambewe, munthu asasambe?"

"Sambani. Koma alangizi amayendera chimanga, sayendera tsitsi."

Ndiye tangoganizani. Ndafika kuchipatala ndi mayi anga odzandidikirira, ndalowa m'chipinda cha azimayi oyembekezera, woyamba kumuona ndani? Madamu! Nawonso mimba kutsogolo, nawonso odikira mpeni womwewo. Ali phee pabedi, akuluka kajuzi ka mwana ngati ali pakhonde kwawo.

Ine mantha anali atandimaliza kale. Azimayi a kumudzi anali atandidzaza mutu. Wina amati masiku ano sagonetsa munthu, amangokubaya pamsana, iwe n'kumamva mipeni ikulira uli maso. Wina amati singano yake ndi yaitali ngati sipoko ya njinga. Apongozi anga ndiye anamaliza zonse: akuti ukangogwedezeka pang'ono pobayidwapo, basi, miyendo yapita, moyo wako wonse uziyenda chokwawa. Chakudya chinasiya kulowa. Ndikangoona nesi wanyamula kambale kachitsulo, ulendo wa kuchimbudzi unali pomwepo.

Madamu anaona mantha anga.

"Mayi a Esinati, don't worry. Ine aka n'kachiwiri. Jakisoni wake ndi waulemu, amangoti tswii, basi. Ulendo woyamba ndinkacheza ndi adokotala mpaka mwana kutuluka."

Kucheza ndi adokotala! Ndinangoti, "Zikomo Madamu," koma mumtima munali moto. Ngati uyu woopa dzuwayu anapirira, ine wolima mizere kuyambira ndili mwana ndikalire? Kuti abambo a Esinati akamve kuti Madamu ankacheza, Nambewe ankakuwa? Bola kufa.

Tsiku lathu linali limodzi. Anayamba kutenga Madamu, ndipo anapita akutibayibitsa ngati akwera basi ya ku Blantyre. Kenako anadzatenga ine.

Kufiyeta, kuchipinda chochitira opaleshoni kuja, kumazizira ngati kuphiri mwezi wa Juni. Anthu onse nkhope zobisa, maso okha. Bambo wina wamfupi, amene ntchito yake ndi yobaya pamsanayo, anandilonjera ngati timadziwana.

"Mayi, khalani tsonga apa. Kumbatirani piloyu. Tsono pindani msana, mutu pansi, ngati bongololo akamukhudza."

Nesi wina wonenepa anaima patsogolo panga n'kundigwira mapewa.

"Pumani pang'onopang'ono, mayi. Mpweya ulowere m'mphuno, utulukire pakamwa. Musacheuke."

"Singanoyo ndiione kaye."

"Mukaiona mupindulanji? Mugula?"

Anandipaka mankhwala ozizira kumsana. Ndinamva zala zikuyenda pamafupa, kusindikiza apa, kusindikiza apa, ngati munthu akusankha nzimbe. Ndinayamba pemphero la Atate Wathu, koma nditafika pa chakudya chathu chalero mawu onse anathawa. Pilo uja ndinamufinya ngati ndiye wandilakwira.

"Anesi," ndinanong'ona, "kodi Madamu aja analira?"

"Ayi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

"Bayani."

Ndinamva kuluma ngati mavu amodzi, kenako ngati wina akukankha ndi chala chachikulu pakati pa msana. Ndinali ndikudikirabe sipoko ya njinga ija pamene bambo uja anati, "Tatha."

"Mwatha chiyani?"

"Kubaya."

Kunena zoona ndinakhumudwako. Mantha onse aja, maulendo onse aja a kuchimbudzi, chifukwa cha mavu amodzi!

Kenako kufunda kunayamba kutsika, ngati ndakhala m'beseni la madzi otentha bwino. Miyendo inachita dzanzi n'kulemera ngati matumba a chimanga. Anandigoneka, n'kutchinga nsalu pachifuwa kuti ndisaone.

"Mukumva apa, mayi?"

"Pati?"

"Chabwino, tiyeni tiyambe."

Ululu panalibe. Ndinkangomva kukokakoka, ngati wina akufunafuna supuni pansi pa dengu la mbale. Ndinayesa kucheza ndi adokotala kuti Madamu asandipose, ndinawafunsa ngati kwawo mvula inagwa bwino, koma anangoti, "Mmm." Posakhalitsa ndinamva kulira. Mwamuna, wamphamvu, mawu ngati atate ake akamatsatsa manachesi. Mpaka pamenepo ndinali ngwazi. Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndikuyenda modzitama.

Kuwodi kunali kodzaza moti mabedi anachita kuwagundanitsa. Langa analikankhira kukhoma, n'kuligunditsa ndi la Madamu, popanda ndi podutsa mphaka pomwe. Mabulangete anali osakwanira, aliyense anafunda nsalu yake. Tsono masiku amenewo mzimayi aliyense anali ndi nsalu yachipani, ija tinkavala pokavina, yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. Mayi anga anandifunditsa imeneyo. Madamu nawonso anawafunditsa yomweyo. Nsalu ziwiri zofanana, zogundana, osadziwika kuti yanga yathera pati, yawo yayambira pati.

Nesi wonenepa uja anandiloza ndi chala.

"Mugone chagada, popanda pilo. Mutu musadzutse ngakhale kutabwera ndani. Mukadzutsa, udzakupwetekani mpaka mudzaiwala dzina la mwanayu."

Ndinagona tulo tofa nato.

Podzidzimuka inali nthawi yoona odwala, masana. Mayi anga anali atapita kukachapa matewera. Ndinadziyesayesa m'thupi, ndipo ndinasangalala kuti mankhwala atha, pakuti miyendo yanga ndinkaimva bwinobwino pamene ili. Ndinali nditaipinda kuloza kukhoma, monga ndimagonera kwathu. Mutu sindinadzutse, ndinangotsitsa maso kuyang'ana kumiyendo kwa bedi, kuseri kwa phiri la mimba yanga.

Abambo a Esinati! Tsitsi lopesa, mzere uli mbee. Atawerama. M'manja mwawo muli phazi.

Phazilo linatulukira pansi pa nsalu, kumbali ya Madamu. Ankalisisita mofatsa, n'kumatsina zala chimodzichimodzi, nkhope yodzaza chisoni. Munthu amene chikwatirane sanandigwirepo ngakhale dzanja pagulu! Ndinadikira kuti mwina ndimve kanthu. Zii. Ndinapendeketsa diso kwa Madamu. Ali chitsinzinire, kakumwetulira kali pakamwa.

"Abambo a Esinati."

"Wadzuka, Nambewe? Ambuye ngabwino! Mwana ndamuona, mphuno ndi yanga yeniyeni."

"Mukutani?"

"Ndikusisita phazi."

"Maso ndili nawo. Manyazi mulibe?"

"Manyazi a chiyani? Andiuza ndi anesi."

"Anesi! Ndiye anesi a pano ndi ankhoswe eti?"

"Anena kuti ndisasiye mpaka..."

"Mpaka chiyani? Mpaka ine anditulutse m'bokosi?"

Mukuganiza kuti analisiya? Anatsina chala chachikulu, n'kundiyang'ana m'maso mwachidwi.

"Nanga apa, bwanji?"

"Mukundifunsa ine? Funsani mwiniwake!"

Apa n'kuti wodi yonse itatembenuka. Odikirira odwala anaima ndi mbale m'manja. Ine ndikaona anthu ondimvera, pakamwa pamatseguka pokha.

"Azimayi anzanga, taonani! Ine anditumbula lero lomwe lino, ulusi sunaume, ndawabalira mwana wamwamuna. Iwo abwera atapesa tsitsi kudzasisita phazi la eni ake pamaso panga!"

"Nambewe, tatsitsa mawu..."

"Sinditsitsa! Ndipo phazi lake lomwelo? Ine ndinkayesa m'masokosi muja mumabisala zinthu zaulemu. Taonani ming'alu, mungadzalemo mtedza n'kukolola! Chala chachikulu chokhota ngati chikwakwa! Zikhadabo ngati za nkhuku yofukula kudzala! Zipsera za matekenya mpaka kuchidendene! Kumutu ambulera, kumapazi ng'ona!"

Wina kumapeto kwa wodi anati, "Mayo ine!"

"Mukanafuna chibwenzi, bambo, mukanasankha cha mapazi a munthu. Ili ndi phazi kapena chikuni?"

Abambo a Esinati anangoti kukamwa yasa. Analiyang'ana phazi lija, n'kundiyang'ana ine, n'kuliyang'ananso. Koma osalisiya! Pamenepo ndiye magazi anandikwera. Ndinapapasa pakabati ya kumutu kwa bedi, dzanja linagwira kapu yachitsulo ya mayi anga. Ndinalunjika bwinobwino kuti isakagunde nkhope ya pansalu ija, pakuti nsanje ndinali nayo koma misala ndinalibe. Ndinaponya.

Kho! Pakakolo penipeni.

Phazi silinagwedezeke n'komwe.

"Mwaona? Chikopa ngati cha mvuu! Sichikumva ndi chitsulo chomwe!"

Madamu anatsegula maso. "Mayi a Esinati, what is it? Mwana ali bwino?"

"Musandiyankhule Chizungu, mayi inu. Bwezani phazi lanu!"

Nesi wonenepa uja analowa akuthamanga.

"Phokoso la chiyani muno? Ndi msika uno?"

"Afunseni bambowo ndi phazi la Madamu. Ndipo akuti mwawatuma ndinu."

Nesi anayang'ana amuna anga, anayang'ana kapu ili pansi, n'kupuma mozama. Anapita kumiyendo kwa bedi la Madamu n'kukweza nsalu. Mapazi awiri, ogundana bwinobwino, m'masokosi oyera.

"Limodzi. Awiri," anawerenga mokweza kuti wodi yonse imve.

Kenako analanda phazi lija m'manja mwa amuna anga, n'kuyamba kulitsatira akukweza nsalu pang'onopang'ono. Kakolo. Katumba. Bondo. Ulendo wonsewo unkabwera kwa ine.

"Mayi, Madamu miyendo yawo ndi iwiri, mwaiona. Wachitatuwu ukuthera kwa inu."

"Bodza! Yanga ndaipinda, ili kukhomaku."

Anaunyamula mwendo wonse m'mwamba ngati mtengo wa denga kuti ndiuone bwino. Pamsongolo panali chipsera cha khasu limene ndinadzitema nalo ndili mtsikana.

"Mankhwala a pamsana amatero," anatero nesi. "Mutu umakuuzani kuti miyendo ili uku, pomwe ili uko. Sanathe mphamvu. Ndinawauza bambowa kuti azikutsinani zala, mukayamba kumva andiitane."

Kenako wodi inaphulika. Azimayi a mabala atsopano ankagwira pamimba akulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Tisiyeni, mayi inu, ulusi uduka!" Gogo wina wodikirira mwana wake anachita kukhala pansi ndi mbale yake ya phala. Ine kuthawa sindikanatha, miyendo inali ya eni. Ngakhale kubisa nkhope m'pilo, pilo anandiletsa. Ndinangogona chagada, maso kudenga, manyazi akundigwera ngati mvula.

Madamu anapukuta misozi, n'kundigwira dzanja mokoma mtima, kumene kunandipweteka kuposa kuseka kwa onse aja.

"Musadandaule, mayi a Esinati. Mafuta a ming'alu ndili nawo m'chikwama, ndikugawirani."

Abambo a Esinati anatola kapu, anaipukuta ndi malaya, n'kuibwezera pakabati, koma kutali ndi dzanja langa. Anafunditsa phazi lija bwinobwino.

"Ine phazi ili ndinalikwatira ndikuliona," anatero. "Sindinadandaulepo ndi tsiku limodzi. Lero mwiniwake ndiye walikana pagulu."

Dzuwa litapendeka mankhwala anayamba kutha. Ndinkadikira kuti bala la pamimba ndilo liyambe kulankhula, koma woyamba kudzuka anali kakolo. Anatupa ngati mango, kugunda ngati ng'oma. Ndinaluma nsalu kuti Madamu asamve, koma kubuula kunatuluka kokha.

M'mawa mwake amuna anga anabweranso. Anakweza nsalu, anayang'ana chotupa chija nthawi yaitali akupukusa mutu, kenako anafunsa mokweza, nkhope ili gwa ngati ya wapolisi:

"Nambewe, wakugenda ndani chonchi? Tandiuza, tikamusumire!"

Anzanga, nsanje ikakugwirani, musanagende munthu yambani mwawerenga miyendo yanu.